Nyumba ya Mazenera a M'mwamba

Mimba yanga yachitatu ndinaidikirira ku chipatala cha mishoni, m'nyumba imene munthu sankatha kuona kunja ngakhale ataima ndi zala zakumapazi.

Kwathu ndi kufupi ndi Chinyunyu, koma kutsidya kwa mtsinje umene umadzaza msanga mvula ikagwa kumapiri. Mwana wanga woyamba, wamkazi, anabadwa mwa opaleshoni. Wachiwiri anandipeza tili m'ngolo, ng'ombe zitakana kuwoloka, ndipo sanalire. Anakamuika amayi okhaokha m'mphepete mwa dambo, ine ndili chigonere. Choncho nditaimanso, namwino wa pa kiliniki yathu sanafune zokambirana. Anayang'ana chipsera cha pamimba panga nati, "Mayi, mwayi sauyesa kawiri. Mvula isanalimbe muyende ku mishoni, mukakhale komweko mpaka muchire."

Amuna anga sakanatha kusiya munda ndi ng'ombe. Mayi anga ondibereka anali atamwalira kale. Mwana wathu wamkazi, amene anali asanayambe sukulu, tinamusiya ndi mlamu wanga, mlongo wa amuna anga. Wondiperekeza anayenera kukhala apongozi anga. Iwo anakana. Anati nyemba zawo, anati mawondo awo, anati bwanji tisapite ku Rufunsa kapena ku Lusaka kumene kuli mdzukulu wawo wina. Mwana wawo atawaumiriza, anamanga katundu wawo, ndipo m'minibasi monse, msewu waukulu wa ku Chipata ukukwera ndi kutsika m'mapiri, sanandiyang'ane n'kamodzi komwe. Ine ndinkati akwiyira ine, mkazi wovuta kubereka.

Chipatala chija chinamangidwa pamalo otsetsereka, ndipo nyumba zake zimatsika motsatana ngati ana a munthu mmodzi, wamng'ono kutsogolo, akuluakulu kumbuyo. Ukalowa pageti umayamba kuona nyumba zatsopano za mabuloko a simenti, malata ake abuluu, mazenera agalasi. Ukapitirira umafika pa wodi yakale ya njerwa zofiira zootcha, ya khonde lotakata lozungulira mbali zonse, zipilala zake zonenepa moti ine ndi mimba yanga ndinkabisala kuseri kwa chimodzi. Pansi pake panali simenti yofiira yosalala, ndipo pakhomo paliponse inali itakumbika pang'ono chifukwa cha mapazi a anthu. Kuchokera pamenepo pali kanjira kofoleredwa ndi malata kolumikiza mawodi, kuti wodwala asanyowe akamapita naye ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Kumanja kuli tchalitchi chaching'ono ndi nyumba ya asisitere, yozunguliridwa ndi mpanda wa maluwa. Kanjira kofoleredwa kaja kamathera pa nyumba yochapira, ya chumuni chachitali chakuda. Kupitirira apo kulibenso denga kapena simenti, ndi dothi lokhalokha. Pali thanki ya madzi pamwamba pa nsanja yachitsulo, pali kanyumba ka jenereta, kenako nyumba yachisoni, yopanda zenera ndi limodzi lomwe. Ndipo kumunsi kwenikweni, pafupi ndi mpanda wa waya, ndiye kunali kwathu, nyumba ya amayi odikirira.

Nyumba zonse za pachipatalapo zinkayang'anizana, koma yathuyo inafulatira zinzake. Khomo lake linaloza kuphiri. Inali yaitali, ya chipinda chimodzi chokha, makoma ake ochindikala kutalika kwa mkono wanga kuyambira pachigongono. Mazenera anali m'mwamba pafupi ndi denga, ang'onoang'ono, otchinga ndi waya. Ukagona pa matiresi unkangoona kachidutswa ka thambo ndi nsonga za mitengo ya bulugamu. Siling'i munalibe, tinkaona mapaso akuda ndi mileme italendewera. Njereza ya m'makoma inali itapakidwa kambirimbiri, ndipo pamene inasendeka pankaoneka ina yachikasu, pansi pake yobiriwira, pansi pakenso njerwa. Kutsogolo kunali bwalo laling'ono lozingidwa ndi khoma lalitali kuposa mwamuna, ndi kakhitchini kotsegula m'mbali kamene otiperekeza ankaphikiramo. M'khoma la bwalolo, mbali yoyang'ana ku chipatala, munali kazenera kamodzi kofika m'chifuwa, kotsekedwa ndi thabwa lokhomera misomali yadzimbiri. Amayi ankayanikapo masupuni. Palibe ankafunsa kuti kanali ka chiyani.

Tsiku loyamba lomwelo apongozi anga anaima pabwalo, nayang'ana khomo la nyumbayo, nati iwo adzagona m'kakhitchini.

"Amayi, mvula ilowa m'menemo," ndinatero. "Malo alipo m'kati, anzanu onse akugona momwemo."

"Inu lowani. Ine mundisiye."

Anayala mphasa yawo pafupi ndi mafuwa, natchinga mbali ya mphepo ndi thumba la feteleza. Nthawi yonse imene tinakhala kumeneko sanapondemo m'nyumbamo. Madzi osamba ankandiikira pakhomo. Akafuna kundiuza kanthu ankaitana ali panja.

Malamulo awo anali ambiri. Ndisaime pakhomo, mwana angadzaime panjira. Ndisasuzumire m'nyumba n'kubwerera, mwana angadzasuzumire n'kubwerera. Ndisadye mazira. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira kwathu ndipo sizinkandivuta. Lamulo limene linandimanga miyendo linali lakuti ndisadutse pafupi ndi nyumba yachisoni. Mayi wapakati saona maliro, anatero, ndipo makamaka ine amene ndinataya kale. Koma njira yochokera kwathu kupita kumtunda inali imodzi yokha, ndipo inkadutsa pakhomo penipeni pa nyumbayo. Tsiku la sikelo ankayamba iwo kukaona ngati kuli anamfedwa, kenako ankabwera kudzanditenga, nandifunditsa chitenje kumutu, n'kundigwira dzanja ngati wakhungu mpaka titafika pa nyumba yochapira. Masiku ena onse ndinkakhala m'bwalo. Anamwino ankati tiziyenda kuti miyendo isatupe, ndiye ine ndinkangozungulira m'kati mwa khoma lija, kuchokera pampopi kufika pachingwe choyanikira, kubwereranso, ngati mbuzi ya pachikhomo.

Foni nayo inali ndi vuto lake. Kumunsi kwathu netiweki sinkafika, makoma aja ankaimeza. Inkagwira pansi pa thanki ya madzi pokha, ndipo thankiyo inali kupitirira nyumba yachisoni. Motero foni yanga inkapita ndi apongozi. Mayi wina wachitsikana anawaphunzitsa podina, ndipo iwo ankapita kukalankhula ndi mwana wawo, n'kubwera ndi mawu ochepa.

"Ali bwino onse."

"Nanga mwana?"

"Ndati onse."

"Wandifunsa?"

"Mwana amafunsa amake, nanga afunse ndani?"

Tinabwera tikuganiza kuti tikhala masabata ochepa. Koma atandiunika ndi makina, adokotala anati tinawerenga molakwa miyezi, mwana anali akadali wamng'ono. Ndinapempha kuti ndibwerere kaye kumudzi. Iwo anandifunsa ngati mtsinje wathu uli ndi mlatho. Ndinati ayi. Anati ndiye yankho ndalipereka ndekha.

Mvula inalimba. Pa malata akale aja inkasokosa moti tinkasiya kucheza n'kumangoyang'anana pakamwa. Madzi onse a pachipatala ankatsikira kwathu, ndipo bwalo linkasanduka thope. Amayi amene ndinawapeza anachira n'kupita. Anabwera ena, nawonso anachira n'kupita, akudutsa kudzatsazika ndi makanda awo m'manja. Ine ndinasanduka mwininyumba. Wobwera watsopano ndinkamuuza kuti pakona yakum'mawa pamadontha, kuti chitseko uchinyamule pang'ono potseka, kuti mpopi umatuluka madzi m'mawa wokha. Mayi wina wa ku Luangwa, wanthabwala, ankanditcha alandilodi. Ndinkaseka nawo, koma masana ena, anzanga akagona, ndinkangoyang'ana tizenera tija mpaka maso kuwawa, ndikuganiza za chimanga changa chimene sindinachipalire ndi mwana wanga amene wina ankamupesa tsitsi.

Munthu mmodzi yekha wakunja ankalowa m'bwalo mwathu masiku onse. Anali mkulu wokalamba kwambiri amene ankakhala m'kanyumba kozungulira pafupi ndi dimba la chipatala, kamene kale kanali ka injini yopopa madzi. Ankabwera ndi beseni la chibwabwa ndi tomato atalikumbatira pachifuwa, chifukwa zala analibe, zinangotsala timfundo. Mphuno yake inali yophwatalala. Amayi ena ankagula osamukhudza, ena ankacheza naye. Iye ndiye anatiuza, akuseka, kuti nyumba yathuyo poyamba inali ya akhate. Anati anabwera ali mnyamata, anachira, koma kwawo sanamulandire, ndiye anangokhala.

"Mazenera anawaika m'mwamba kuti mphepo izilowa koma anthu asamationa," anatero. "Ndi ife tisamaone anthu. Kukumbuka kumudzi kunkathawitsa ambiri mankhwala asanathe."

Mkuluyo akalowa, apongozi anga ankatembenukira kukhoma n'kumachita ngati akutsuka mphika. Ndiwo zake sankagula. Ankalolera kuyenda mpaka kumsika wa pageti ndi mawondo awo ovutawo. Ine ndinkachita manyazi nawo, ndikuti ndi kunyansidwa. Tsiku lina mkuluyo anaima pafupi nawo nthawi yaitali, akuwayang'ana m'mbali mwa nkhope.

"Amayi, kwanu n'kuti?" anafunsa.

"Kutali."

"Nkhope iyi ndinaionapo. Mpata wa m'manowu."

"Anthu amafanana," anatero apongozi, nanyamula ndowa yopanda kanthu n'kutuluka.

Zinthu zinasweka tsiku limene kunabwera mayi wa m'mudzi woyandikana ndi wathu. Anali asanamasule n'komwe katundu wake pamene anandiona nati, "Pepani ndi matenda a mwana. Koma manje akuti wayamba kudya."

Ndinamufunsa kuti mwana wake uti. Iye anagwira pakamwa. Mwana wanga anali atadwala malungo mpaka kukomoka, amuna anga anamuwolotsa mtsinje atamunyamula paphewa madzi ali m'chifuwa, ndipo anagona pa kiliniki. Zonsezi apongozi ankazimva pansi pa thanki paja, n'kubwera kudzandiuza kuti ali bwino onse.

Ndinalowa m'nyumba, ndinamanga zovala zanga m'chitenje, ndinatenga foni pamene ankaibisa m'thumba la ufa, n'kutuluka. Linali dzuwa la masana. Ndinadutsa pa nyumba yachisoni mutu uli pamtunda. Panali amayi atatu atakhala pansi chete ndi bokosi lopanda utoto litatsamira khoma, ndipo ndinawayang'ana bwinobwino. Ndinakwera kudutsa pochapira, m'kanjira ka malata, pakhonde la wodi yakale, mpaka pageti. Geti linali lotsegula. Mlonda anali atakhala pa mpando wake akumvera wailesi, ndipo anangondipatsa moni. Palibe anandigwira. Panja panali minibasi ikudikira anthu, kondakitala akuitanira a ku Lusaka.

Ndinaima pamenepo, mtolo uli pamutu. Chipsera chija chinkakoka ngati chingwe chifukwa cha chitunda chimene ndinakwera mothamanga. Minibasi ikananditula pa Chinyunyu dzuwa lisanalowe. Koma kuchokera pamenepo panali ulendo wapansi, ndiponso mtsinje, ndipo ndinakumbuka mmene ng'ombe zija zinaimira m'mphepete mwa madzi, amuna anga akuzikwapula akulira. Kondakitala anandifunsa kawiri ngati ndikupita. Kachitatu sanafunsenso, anangomenya chitseko ndipo galimoto inanyamuka.

Ndinabwerera pang'onopang'ono mpaka pansi pa thanki, ndinakhala pa simenti ya mwendo wa nsanja, n'kuimba foni. Amuna anga anati mwana ali bwino tsopano, akumwa mankhwala, ndipo ndi iwo amene anapempha mayi awo kuti asandiuze. Ndinati ndimufuna mwanayo. Ndinamva akumunyengerera, ndinamva kupuma kwake pafoni, koma sanalankhule. Ndinamutchula dzina, ndinamuuza kuti ndine amake. Anangopuma, kenako bambo ake anati wathawira kuseri kwa nkhokwe.

Apongozi anandipeza pomwepo ndikulira. Anali akupuma movutika, atandifunafuna pachitunda chonse. Anaima patsogolo panga nayamba kundikalipira za nyumba yachisoni, kuti ndachita chinthu choopsa, kuti ngati kanthu kachitika ndisadzanene wina.

"Mwandinamiza," ndinatero. Sindinawayankhepo chotero chikwatiwire. "Mwana wanga akufa, inu mukubwera kudzanditsekera m'khola muja. Inu ana anu onse munawalera ali pamwendo panu. Simudziwa kusiyana ndi mwana."

Madzi ankadontha kuchokera m'thanki n'kumagwera pakati pathu. Kenako ananyamula mtolo wanga nauika pamutu pawo.

"Tiyeni," anatero.

Sananditengere m'bwalo. Anapatuka n'kutsata khoma kunja kwake, m'maudzu onyowa, mpaka tinafika pa kazenera kaja ka thabwa. Ndinali ndisanakaonepo kuchokera kunja. Pansi pake panali mwala waukulu wafulati, utamira theka m'dothi. Apongozi anatula mtolo, naponda mwalawo ndi phazi limodzi.

"Ine ndinkaima apa," anatero. "Ndinali wamfupi. Asisitere anauza anyamata kuti andiikire mwala."

Anayamba m'Chinyanja koma posakhalitsa analowa m'Chisoli, chinenero cha kwawo chimene ankalankhula akakwiya kapena akamapemphera okha. Anati mayi awo anagwidwa khate iwo ali kamtsikana. Bambo awo anawaperekeza onse awiri mpaka pageti lija n'kubwerera, osadzabweranso. Masiku amenewo ana osadwala sankaloledwa kukhala ndi makolo akhate, kuwopa kuti angatengere. Iwo anakakhala kumtunda ndi ana ena angapo m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya asisitere. Ankadya bwino, anatero, anaphunzira ndi kusoka komwe. Lamulungu lililonse Misa ikatha ankawabweretsa apa. Thabwa linkatsegulidwa, pomwe ankaperekera chakudya ndi mankhwala, ndipo mayi awo ankaima chapatali m'kati mwa bwalo kuti aonane.

"Kugwirana kunali koletsedwa. Amayi ankabisa manja m'nsalu. Ankandifunsa ngati ndadya, ine ndinkati ndadya. Ankanditembenuza ndi mawu, tembenuka ndikuone kumbuyo, kweza mkono. Ankafuna kuona ngati ndili ndi banga. Ine ndinkatopa nazo. Ndinkafuna kukasewera."

Anati Lamulungu lina thabwa linatsegulidwa koma kunabwera mayi wina, nati amako agona. Sabata yotsatira sanawabweretsenso. Patapita nthawi kunabwera mchemwali wa mayi awo kudzawatenga, nawauza m'njira kuti kuyambira tsiku limenelo mayi wawo ndi iyeyo, ndipo za kuno asadzazitchule, chifukwa mwana wa wakhate palibe angamukwatire.

"Apongozi anu aamuna anamwalira osadziwa. Amuna anu sadziwa." Anachotsa phazi pamwala paja. "M'nyumba umo ndi mmene anafera amayi. Ndiye mukuti ndikagonemo?"

Ndinati pepani, ndipo mawuwo anali aang'ono kwambiri. Iwo sanawalandire kapena kuwakana. Anangoti ndikasambe m'manja ndi kumaso ndi madzi a mchere chifukwa cha maliro amene ndinaona, ndipo ndinakasamba.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo tinakhala mabwenzi. Malamulo sanachepe. Chitenje chakumutu chinabwerera tsiku la sikelo. Chimene chinasintha ndi chakuti ankandiperekeza kuthanki madzulo ena kuti ndizilankhula ndekha, ndipo ankaima patali kuti asamve. Mwana wanga ankakanabe foni. Nthawi zina ankaimba nyimbo chapatali, bambo ake n'kulozetsa foni kumene iye anali kuti ndimve.

M'mawa wina mkulu wa ndiwo uja atalowa, apongozi sanatembenukire kukhoma. Anamupatsa moni m'Chisoli, namuuza kuti sanalakwitse za nkhope ija. Mkuluyo anatula beseni lake pansi mosamala. Anati mayi a apongozi ankagona pakona yakumadzulo, anati anali ndi mawu okwera poimba ndipo ankakangana ndi aliyense wowatengera malo awo padzuwa. Apongozi anaseka pang'ono pamenepo, koyamba chifikire. Kenako anamufunsa za manda.

Manda a akhate anali kunja kwa waya, kumunsi kwa nyumba yathu, m'tchire la mitengo ya misuku. Ine sindikanaloledwa kupita. Ndinakhala pa mpando m'bwalo, ndikumva mawu awo akuzimiririka kuseri kwa khoma. Anakhalako nthawi. Apongozi atabwera, chitenje chawo chinali chodzaza ndi chisoso. Anati kuli mitanda yachitsulo yopanda mayina, ina itagwa, ndipo mkuluyo waloza malo atatu osiyana, osatsimikiza. Anazula udzu pa onse atatu. Anakhala pamphasa pawo n'kuyamba kuchotsa chisosocho chimodzichimodzi, ndipo ine ndinakhala pafupi n'kumawathandiza mbali imene sankaifikira.

Masabata otsalawo anali olemera kuposa oyamba. Mimba inatsika, miyendo inatupa, ndipo ngakhale kuzungulira m'bwalo kunandikanika. Ndinkagona chammbali kuyang'ana pakona yakumadzulo, pamene tsopano pankagona mtsikana wa mimba yoyamba amene ankakonda kusewera ndi foni yopanda netiweki. Ndinkayesa kuganiza za mayi amene anagonapo kale, akudikira Lamulungu. Ine ndinkadziwa kuti tsiku langa lotuluka lilipo ngakhale likuchedwa. Kudziwa zimenezo sikunafupikitse masana, koma ndinasiya kudandaula mokweza pamaso pa apongozi.

Adokotala anati sadikira kuti matenda ayambe okha, chifukwa cha chipsera. Anandiuza tsiku, ndipo m'mawa wake ndinakwera chitunda chija komaliza, apongozi ali kutsogolo ndi beseni ndi zitenje zatsopano. Pa fiyeta anawabweza pakhomo. Anandibaya pamsana, miyendo inachita dzanzi, ndipo ndinkangoona nyale ndi nsalu yobiriwira. Ndinamva kukokedwa, kenako chete amene ndinkamudziwa, amene ndinamumva m'ngolo muja. Ndinayamba kupemphera mokweza. Namwino amene anali kumutu kwanga anati, "Dikirani mayi, akumupukuta chabe." Ndipo mwana analira, mawu aakulu okwiya. Anali wamwamuna.

Anandigoneka mu wodi yakale ya njerwa zofiira. Mmenemo apongozi ankalowa popanda vuto. Ankakhala pansi pafupi ndi bedi, mwana ali pamiyendo pawo, akumutembenuza, kumuyang'ana kumsana, m'khwapa, pakati pa zala. Namwino wina anawaseka nati agogo akuwerenga ngati zonse zilipo. Iwo anangopitiriza kumutembenuza.

Tinatuluka mvula itayamba kuchepa, chimanga cha m'mbali mwa msewu chitamasula kale ngayaye. Tili pageti kudikira minibasi, apongozi anandiuza osandiyang'ana kuti zimene ndinamva kumunsi kuja zitsale komweko. Ndinalonjeza. Mtsinje tinauwoloka madzi ali m'mawondo, amuna anga atanyamula khanda, ine nditagwira phewa la mlamu wanga. Kunyumba mwana wanga wamkazi anali ataonda, tsitsi atamumeta. Atandiona anabisala kumbuyo kwa azakhali ake. Ndinamutambasulira manja koma anangoyang'ana khandalo, kenako ine, n'kufunsa azakhali akewo ngati alendowa agona konkuno. Panapita masiku asanalole kuti ndimusambitse.

Lonjezo lija ndinalisunga mpaka apongozi anamwalira, mnyamata wathu ali kale pasukulu. Maliro atatha, anthu atabalalika, ndinawauza amuna anga tili awiri kumunda. Anasiya khasu nakhala pamzere. Anandifunsa kuti nanga agogo amene ali kumanda a kwathu, amene ankawasesera pamanda chaka ndi chaka, ndi ndani. Ndinati ndi mchemwali wawo wa agogo enieniwo. Anakhala nthawi yaitali akufikisa dothi m'manja. Kenako anafunsa ngati mkulu wa ndiwo uja akadali moyo, ndipo ndinati sindikudziwa, anali wokalamba kale nthawi imene ija.

Anati tikakolola adzapita kukaona. Tinakolola, ndipo takololanso kangapo, koma sanapitebe. Alongo awo sanawauze. Nthawi zina akamakonza njinga amayamba okha kundifunsa kuti kuchokera pageti munthu amadzera mbali iti, ndipo ine ndimawafotokozera.